Njinga yamoto yoyamba: DT yakale yogona m'nyumba, kapena ya ku China yoyenda kale?

Mwana_wa_Domue
Abale, ndigawireni nzeru. Ndagulitsa soya ndi mbatatesi, ndipo ndalama yotsala ndikufuna igule njinga yamoto, yoyamba m'moyo wanga. Yatsopano sindingaikwanitse. Ndaona ziwiri. Yoyamba ndi Yamaha DT 125 ya bambo ena achikulire omwe kale anali alangizi a fodya. Yakhala m'chipinda zaka zingapo osalizidwa, matayala anaphwa, muthanki mukununkha petulo wowola, koma livrete, chikalata cha boma cha njingayo, ilipo ndipo mapepala ali m'dzina lawo. Akuti 25,000 meticais. Yachiwiri ndi 150 ya ku China, ya mnyamata wina wa táxi-mota, kabaza wa njinga yamoto. Ikuyenda, ndinakwerapo kumbuyo. Iyeyo akuti 32,000, mapepala akuti abwera nawo mawa. Ntchito yake ndi ya kumunda, kumsika ndi kupita ku Ulongué. Kuyendetsa ndimadziwa pang'ono, kukonza ayi. Nditenge iti?

Kabaza_Calomue
Mapepala obwera mawa sabwera, achimwene.

WaZobue
Tengani yoyendayo. Njinga yogona zaka imayamba kudya ndalama isanatuluke n'pakhomo pomwe.

Makaniko_Ulongue
Mwachita bwino kufunsa, mphwanga, safunsa anadya phula. Njinga ziwirizi ndi mitundu iwiri ya injini, ndipo kusiyana kwake ndi komwe kudzakuuzeni moyo womwe mudzakhale nawo.

DT 125 ndi 2 stroke. Ilibe ma valve, ilibe tcheni cha mkati, ndipo oyilo wake amapsa limodzi ndi petulo, n'chifukwa chake imatulutsa utsi ngakhale ili yabwinobwino. Injini yake ndi yosavuta kumasula, mutu ndi silinda zimachoka pa kanthawi kochepa. Vuto lake ndi kugonako. Ikakhala zaka osalira, ma seal a mbali ziwiri za crank amauma n'kuyamba kulowetsa mpweya. Zikatero njinga imalira mokwera yokha, imatentha, mapeto ake pisitoni imagwira. Petulo wakale amasanduka phula m'kabureta n'kutseka timabowo tonse, thanki imachita dzimbiri mkati, matayala amang'aluka m'mbali ngakhale mano ake akuoneka athunthu.

Za ku China za 125 ndi 150 zambiri injini yake anatengera Honda CG 125, ija inayamba kupangidwa mu 1975. Ndi 4 stroke, oyilo amakhala pansi pa injini, pafupifupi lita imodzi. Masipeya ake ali paliponse, pano pa Ulongué, pa Dedza, pa Lizulu, ndipo mwana aliyense wa pa oficina, pokonzera njinga, amaidziwa. Koma ya táxi-mota ndi njinga yomwe yanyamula anthu atatu ndi thumba la feteleza tsiku ndi tsiku. Injini mungaikonze, koma felemu ikang'aluka n'kuwotchereredwa, njingayo siyendanso mowongoka.

Ndisanakuuzeni iti, kaziwoneninso zonse m'mawa kwambiri, mwini wake asanaliza.

Mwana_wa_Domue
M'mawa chifukwa chiyani, akulu?

Makaniko_Ulongue
Injini yotha imabisa matenda ikatentha. Gwirani silinda ndi dzanja, ikhale yozizira, ndiye muwauze alize. Yabwino imalira ndi kiki imodzi kapena ziwiri. Pa 150 ija muyang'ane ekizozi. Utsi wabuluu ndiye kuti ikuwotcha oyilo, ma ringi atha. Wakuda ndiye kuti petulo wachuluka, limenelo ndi vuto laling'ono la kabureta kapena sefa ya mpweya. Tsegulani potsirira oyilo, mupake pa chala. Akakhala wolimba ngati uchi, wina wathira oyilo wokhuthala kuti phokoso la mkati lisamveke. Kenako gwadani muyang'ane pansi pa mpando pomwe ma shock amangirira, ndi pakhosi pa chiwongolero. Penti yatsopano pamalo amenewo ikubisa chowotcherera.

DT musayerekeze kuiliza ndi petulo ali muthankiyo. Chotsani pulagi, donthezani oyilo wa 2T, uja wa injini za 2 stroke, pang'ono m'bowomo, ndiye mupondereze kiki pang'onopang'ono ndi dzanja. Ikazungulira, bwezerani pulagi mupondenso. Iyenera kukukanizani. Ikangotsika yopanda mphamvu, konzekani kugula pisitoni ndi ma ringi.

Mlangizi_Wopuma
Ana inu musanyoze DT. Ife tinayenda nazo ntchito m'midzi ya ku Macanga, kuchoka pa Furancungo kulowa m'mapiri nthawi ya dzinja, matope ofika m'mawondo. Mabungwe sankagula DT ndi Yamaha AG chifukwa chosowa zina. Tayala lake lakutsogolo ndi lalikulu, la mainchesi 21, limakwera pa mwala ndi pa mzere popanda kukugwetsani, ndipo mimba yake ili kutali ndi nthaka. Njinga yake ndi yopepuka, ikagwa mumaidzutsa nokha. Kwa munthu wa ku Domué amene ulendo wake wambiri ndi wa m'tinjira ta kumunda, imeneyo ndiye njinga. Komanso ya mlangizi imakhala yoti inkaona oyilo pa nthawi yake, chifukwa kuntchito ankatifunsa.

Kabaza_Calomue
Bambo, ulemu wanu, koma petulo nthawi imeneyo ankakulipirirani ndi a kuntchito. DT imamwa. Onjezanipo botolo la 2T. Munthu wangogulitsa soya, ndalama ina adzaiona chaka chamawa.

Mlangizi_Wopuma
Imamwadi, sindikana. Koma mnyamatayu sakuchita táxi. Amene amazungulira tsiku lonse ndiye amamva kuwawa kwa petulo. Wopita kumunda ndi kumsika amamva kuwawa kwa kukankha njinga m'matope.

WaZobue
Nanga matumba a mbatatesi adzamanga pati? Mpando wa DT ndi wautali, wopapatiza, keriyala yake kakang'ono. Pa 150 mumaika matumba awiri n'kumapita.

Chitedze
Matumba awiri omwewo ndi amene amathyola felemu yomwe a Makaniko akunenayo.

Moatize77
Mukukangana za injini pomwe nkhani yaikulu a Kabaza anaitchula m'mawu asanu. Ndifotokoze bwino chifukwa anthu ambiri kumalire kuno amaluza ndalama pa chinthu chimodzimodzi.

Njinga iliyonse ili ndi manambala awiri osindikizidwa pa chitsulo. Ya felemu ili pakhosi, pansi pa chiwongolero. Ya injini ili pa thupi la injini cha kumunsi, kawirikawiri mbali ya kumanzere. Pukutani ndi kansalu ka petulo, muwerenge chilembo chimodzichimodzi mukuyerekeza ndi zomwe zili pa livrete. Zikasiyana, kapena pamalopo pakaoneka kuti panadutsa fayilo, musafunsenso mtengo, bwererani kwanu. Dzina la pa mapepala lifanane ndi la pa BI, chiphaso cha nzika, ya amene akukugulitsaniyo. Akati ndi ya achimwene ake, achimwenewo abwere okha.

Mukagwirizana, lembani declaração, kalata ya kugulitsana, muike manambala onse awiri, mtengo ndi tsiku, musayinirane pamaso pa mboni. Amfumu kapena secretário wa bairro akhalepo, ndipo ngati mungathe kaitsimikizeni kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo. Sungani fotokope ya BI yawo. Ndalama mukatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, uthengawo musafufute. Carta, laisensi yoyendetsera njinga yamoto, imachokera ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto.

Chinanso, njinga zambiri kuno zimadutsa m'tinjira kuchokera ku Malawi osaona alfândega, a kasitomu. Zina ndi zabwinobwino, mwini wake wangofuna ndalama, koma zina ndi zobedwa, ndipo eni ake amazitsatira mpaka kuno. Tsiku lomwe adzaipeze pakhomo panu, wofotokoza ndinu, mnyamata wa táxi uja atasowa kalekale.

NaPhiri_Tsangano
Zoona zimenezo. Alamu anga anagula yotero pamsika wa kumalire, yotchipa, yonyezimira. Sinathe ndi nyengo imodzi. Kunabwera anthu ndi mapepala awo, manambala anafanana, njinga inapita. Iwo anagona m'chitolokosi mpaka amfumu atakawaikira umboni kuti anagula masana anthu akuona. Ndalama ya tirigu wa chaka chonse inathera pomwepo.

Mwana_wa_Domue
Mayi, mwandiopsa. Mnyamatayo ndimamudziwa nkhope yokha, kwawo sindikudziwa.

Kabaza_Calomue
Ndiye mukudikiranso chiyani?

Mphunzitsi_Macanga
Ine ndiponyeko maganizo ena. Bwanji osasiya zonse ziwiri? Sungani ndalamayo, mufunsefunse kwa aphunzitsi ndi anamwino amene akusamutsidwa. Amagulitsa Boxer kapena TVS zomwe zimangoyenda kunyumba ndi kuntchito, munthu m'modzi, mapepala onse ali m'manja. Mtengo umakwererapo, koma simuyamba ndi kumasula injini. Njinga yoyamba ikhale yophunzirira kuyendetsa. Kuphunzira kuyendetsa ndi kukonza nthawi imodzi ndi katundu wolemera.

Chitedze
Aphunzitsi, ndalama yosunga m'nyumba mwezi wokolola? Ikangomveka kuti ilipo, amalume adwala, mlongo akufuna fizi, denga likudontha. Pofika Ogasiti yatha.

Gogo_Furancungo
Ha! Ndipo akagula njingayo asaganize kuti wapuma. Maliro aliwonse wotumidwa uthenga ndi iye. Wodwala usiku, agogoda pa iye. Mlamu adzabwera kuti ndibwerekeni ndikafike pa chigayo pompa, adzabwerera dzuwa litalowa, thanki ili gwa, galasi limodzi palibe.

NaPhiri_Tsangano
Kwathu lamulo ndinaika ndine. Wodwala timamunyamula, koma kiyi satuluka m'nyumba popanda mwini wake. Anandinena kuti ndine wouma mtima, pano anazolowera.

Kabaza_Calomue
Apa DT ili ndi ubwino umodzi. Alamu ambiri miyendo siifika pansi.

WaZobue
Kkkkk koma a Kabaza.

Moatize77
Poti tafika pa zonyamula odwala usiku, capacete, chipewa chotetezera mutu, musaiwale kuiwerengera pa mtengo wa njinga. Lamulo limafuna, apolisi a trânsito amalemba chindapusa, koma chachikulu ndi mutu wanu. Msewu wochoka pa Mussacama kudzera Ulongué mpaka Calómuè mumadutsa magalimoto akuluakulu opita ku Dedza, ndipo woyamba kumene amachita mantha ikamudutsa pafupi, n'kugwira buleki yakutsogolo pa mchenga wa m'mbali. Gulani yotseka chibwano, ndipo muzimanga lamba wake. Zija zopepuka zangati za pa chikontirakiti sizithandiza kanthu.

Gogo_Furancungo
Ndi nsapato. Anyamata amayendetsa atavala patapata, zala zimatsalira pa mwala.

Chitedze
Funso langa kwa a Makaniko, ngakhale si la mwini nkhani. Yanga ndikatsikira nayo ku Tete imathamanga bwino, koma ndikabwerera kuno kumtunda imakhala yolemera ndipo pulagi imada. Ndi petulo wa m'mabotolo?

Makaniko_Ulongue
Mwina, chifukwa ena amasakaniza ndi parafini, ndipo m'mabotolo mumalowa madzi ndi fumbi. Koma palinso china. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pansi kwambiri, pomwe Angónia ndi Tsangano zili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye kabureta yomwe ili bwino ku Tete kuno imapereka petulo wochuluka kuposa mpweya. Yambani mwatsuka sefa ya mpweya, muonenso ngati choke ikubwerera yonse. Zikapitirira, singano ya m'kabureta itsitsidwe ndi mzere umodzi. Koma mukatero muzisamala mukatsikira ku Tete mwezi wa Okutobala kapena Novembala, chifukwa kutentha kwa kumeneko ndi petulo wochepa zimaotcha injini. Mukaima pa mzere wa pa mlatho wa Samora Machel, zimitsani, injini izi zimazizira ndi mphepo ya poyenda.

Chitedze
Sefa sindinaitsegulepo chigulireni.

Makaniko_Ulongue
Ndiye yambirani pomwepo musanakhudze singano. Ya siponji mumachapa ndi parafini, kuumitsa, kupaka oyilo pang'ono n'kufinya. Fumbi la chilimwe cha kuno likadutsa pa sefa limapala silinda mpaka ma ringi atha.

Mwana_wa_Domue
Ndabwerako, abale. Ndinapita ndi msuweni wanga amene amayendetsa. Kwa mnyamata uja tinafika kusanache bwino, koma injini tinaipeza yotentha kale, akuti anakasiya munthu. Mapepala akuti ali ndi mkulu wake ku Moatize. Pakhosi pali penti yakuda yatsopano, ndipo nditapala ndi chikhadabo manambala awiri omaliza sakuwerengeka. Nditafunsa anatsitsa mtengo yekha kufika 26,000. Tinatsazika.

DT manambala onse akugwirizana ndi livrete. Kiki ikuzungulira ndipo ikukaniza ndithu, msuweni wanga akuti mphamvu ilimo. Muthanki muli dzimbiri. Tcheni chauma gwa, mano a sipuloketi yakumbuyo apindika ngati minga. Buleki yakutsogolo chingwe chake chinaduka. Bambowo akuti pampu ya oyilo inkagwira pomwe ankaiimika, anaisiya chifukwa cha bondo.

WaZobue
Pa ya mnyamatayo ndagonja, musaiyandikirenso. Koma DT sindinaivomerebe. Masipeya ake mukawapeza kuti? Za CG mumagula ngakhale pa hawker.

Mlangizi_Wopuma
Amapezeka, kungoti si pa msika uliwonse. Pisitoni, ma ringi, ma seal ndi zingwe amagulitsa m'masitolo a njinga mumzinda wa Tete ndi ku Lilongwe, chifukwa DT zinagwira ntchito zambiri mbali zonse ziwiri za malire. Muzinyamula chakalecho popita kukagula, chifukwa DT 125 zinapangidwa mitundu ingapo pa zaka zambiri ndipo si zonse zimalowana. Zovuta kupeza ndi mapulasitiki ndi ekizozi yake yeniyeni. Ngati zimenezo zili zonse, njingayo ndi yabwino.

Makaniko_Ulongue
Ngati mwatsimikiza, mverani dongosolo lake, chifukwa ambiri amayamba ndi penti ndi mpando, ndalama n'kutha njinga isanalire.

Choyamba ndi thanki. Khuthulani zonse, thiranimo timanati ndi timabawuti tambiri ndi dizilo, muikhutchumule mpaka dzimbiri lisiye kutuluka, muiumitse padzuwa. Pa paipi yopita ku kabureta muikepo kasefa kapulasitiki, n'kotchipa. Kabureta imasulidwe yonse, ma jet atsukidwe ndi kupemereredwa. Osatokosa ndi waya, mumakulitsa bowo. Pulagi yatsopano, muone ngati moto ukudumpha wabuluu. Oyilo wa m'giyabokosi asinthidwe, ndipo akhale wa njinga yamoto, chifukwa klatchi yake imasambira mu oyilo yemweyo ndipo ena a galimoto amaichititsa kuterereka.

Pampu ya 2T musaikhulupirire pa mawu okha. Ichotsedwe mpweya, ndipo pa thanki yoyamba musakanize oyilo m'petulo momwe, mamililita pafupifupi 30 pa lita imodzi, mukuyang'ana ngati oyilo wa m'kathanki kake akutsika. Akamatsika, pampu ili moyo. Oyilo wakuda wokhuthulidwa m'galimoto asalowemo ngakhale tsiku limodzi.

Ma seal a crank ine ndingasinthe osadikira kuti aonetse vuto. Ndi otchipa kuyerekeza ndi pisitoni yomwe angakuphereni. Tikachotsa ekizozi tidzaona pisitoni pa bowolo. Ikakhala yosalala, musalole wina aliyense akuuzeni zobowa silinda. Ikakhala ndi mikwingwirima yozama, ndiye tibowe, tiike pisitoni yokulirapo ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50, kenako makilomita 500 oyamba muziyenda mofatsa.

Zikatha za injini, tcheni ndi masipuloketi onse awiri zigulidwe pamodzi. Tcheni chatsopano pa mano akale sichichedwa kutha. Chisiyireni mpata, osachikoka kuti nga. Nsapato za mabuleki, zingwe, matayala ndi machubu, zimenezo si zokambirana. Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, muziyang'ana kuti asakugulitseni logona m'sitolo. Masipoko muwagogode ndi sipanala, lomwe likulira mogontha ndi lomasuka.

Powerengera, musapereke ndalama yonse kwa bambowo. Gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe muli nazo litsale la masipeya ndi capacete.

Mwana_wa_Domue
Zonse pamodzi ndili ndi 34,000. Ndikapereka 25,000 zitsala zosakwana.

NaPhiri_Tsangano
Ndiye mukakambe nawo, mwana wanga. Musapite nokha, tengani amalume anu kapena mkulu wina amene amadziwana nawo. Munthu wachikulire sumuwerengera zolakwika za katundu wake ngati uli pa kaunjika. Muwauze kuti njinga mwaikonda, muwaonetse mndandanda wa zofunika kugula, ndipo muwafunse kuti inu bambo mukanatani. Iwo akudziwa kuti chaka chilichonse ikugona mtengo ukutsika.

Mphunzitsi_Macanga
Ine ndikadali pa mawu anga. Ndi 34,000 yomweyo, kudikira pang'ono, akanapeza yoyenda lero lomwe. Miyezi iwiri ikubwerayi njinga idzakhala pa oficina, iye akukwerabe minibasi.

Makaniko_Ulongue
Miyezi iwiri ayi, aphunzitsi, ngati masipeya afika. Ndipo akakhala pambali panga pomwe ndikumasula, adzachoka akudziwa kutsuka kabureta ndi kusintha pulagi yekha. Ikadzamuzimira pakati pa Domué ndi kumunda sadzandiimbira.

Kabaza_Calomue
Adzakuimbiranibe, kukufunsani komwe 2T akutchipa.

Mwana_wa_Domue
Amalume anapita nane. Bambowo atsitsa kufika 21,000, ndipo atulutsa kabokosi komwe munali pulagi ziwiri, chingwe cha klatchi chatsopano ndi sipanala zake. Declaração tilemba Loweruka kwa amfumu. Aphunzitsi, ndamva mawu anu, koma ndasankha iyi chifukwa cha njira ya kumunda kwathu ndi mapepala. A Makaniko, ndiibweretse bwanji? Msuweni akuti tithiremo petulo tiyese kuiyendetsa mpaka ku Ulongué.

Makaniko_Ulongue
Msuweni wanuyo mumukanize. Ikwere pa galimoto za mbatatesi zobwera kuno, muimange choimirira kuti oyilo asatayike. Mubwere ndi kiyi, livrete ndi kabokosi ka bambowo. Ndikamasula ndikulemberani zoti mukagule ulendo umodzi, ma seal akalewo mudzanyamule m'thumba.

Mlangizi_Wopuma
Muwafunsenso bambowo ngati kabuku kake kakadalipo. Ife ankatipatsa limodzi ndi njinga, ambiri tinkakasunga pansi pa mpando.